Shifiti ya Usiku ku Bembeke

Ndimalowa ntchito nkhuku zikakwera,
jekete la mlamu wanga pamwamba pa ovolosi,
poti Juni wa ku Bembeke saseka ndi munthu.
Pageti a Chidzanja amandilemba m'buku
osandiyang'ana kumaso. Zala zawo zimanjenjemera.

Chimene timasonkhezera kuno si nkhuni, si malasha.
Ndi dambo.
Dambo lomwe lija tinkatitimiramo mpaka m'maondo
pokusa ng'ombe za a Kanduna,
alidula ngati njerwa, aliyanika miyezi itatu,
lasanduka timitanda takuda, topepuka ngati buledi wa dzana.
Ukanyema kamodzi umaona mizu ya mlulu,
umaona tsamba la bango lomwe linagwa
mudzi uno usanakhale ndi dzina,
likadali ndi mitsempha yake yonse.
Ndimaliponya m'ng'anjo. Zaka mazanamazana
zimatha ndisanamalize kuyasamula.

Woyang'anira makina, Nanyoni, mwana wa dzulodzuloli,
anandijambulira pansi ndi kamtengo:
moto uwiritsa madzi, nthunzi izunguza gudumu,
gudumu libala magetsi.
"Ndiye nthunziyo ikatopa sitiitaya ayi, bambo,
imalowa m'mapaipi kukagwira ganyu wachiwiri."
Ndinaseka. Ndinati ndiye ili ngati ife tomwe.

Paipi imodzi imatsetserekera kuchipatala,
kuchipinda cha ana obadwa masiku asanakwane.
Ina imapita kushedi ya kachewere,
ina kogona atsikana a sekondale
omwe kale ankasamba akulira.
Ndikaika dzanja pachitsulocho ndimamva kugunda
ngati pamimba pa ng'ombe ya bere.

Mdzukulu wanga Tiyanjane anabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri,
kulemera kwake paketi ya shuga ndi theka.
Masabata anayi anagona m'kutentha kwa fosholo yangayi.
Masiku onsewo sindinawodzerepo.
Singano ya geji ikangotsika pang'ono
ndinkathamanga ndi wilibala ngati ndaba.
Lero akukwawa, akudya dothi, akukoka galu mchira.

Koma mayi wake, mwana wanga yemweyo,
dimba lake lili kumunsi kwa dambo.
Chitsime chomwe sichinaphwe ngakhale chaka cha njala
chaka chino chaonetsa pansi pake Ogasiti asanathe.
Kabichi wafota asanakulunge mutu.
Achule aja ankatisowetsa tulo,
kodi ndinawamva liti komaliza?
Iye sandinena.
Amangobwera ndi ndowa mmamawa
kudzapempha madzi ofunda otuluka kuseri kwa fakitale,
ine n'kumutungira, tonse maso ali pansi.

Nanyoni akuti dambo limaphukanso,
kunenepa kwa chala pa zaka makumi awiri.
Ife timadya mkono wathunthu chilimwe chimodzi.
Masamu amenewo, ngakhale ine wolekeza Sitandade 5,
ndimawatha.

Ikamakwana folo koloko nkhungu imatsika m'phiri
n'kusakanikirana ndi utsi wathu,
osadziwikanso uwu ndi uti, iyi ndi iti.
Fungo lake ngati denga lakale la udzu
likupsa mvula ili mkati mogwa.
Kutsidya mababu ayaka kale kuchigayo,
wina watsegula wailesi, wina akusita yunifolomu.
Ndimakhuthula phulusa lotuwa, lopanda kulemera,
dambo la usiku wonse m'mawilibala atatu.

Kakowa mmodzi amabwerabe.
Amaima m'mphepete mwa dzenje lomwe tinakumba chaka chatha,
mwendo umodzi m'mwamba,
kuyang'anitsitsa madzi akuda opanda kanthu.
Sindimuthamangitsa.
Ndimasamba m'manja pampopi wa madzi otentha,
n'kusainira a Chidzanja,
n'kutsata paipi ya kuchipatala mpaka pamphambano,
chifukwa m'mbali mwake mokhamo
ndi momwe chisanu sichigwira udzu.